Kabokosi ka pa Nsanjama

Ponyanimo chikuni china mu uvunimo, amuna anzanga, njerwa zingatuluke zosapsa. Mwakhala mukundiseka kuti ndinawathawa anthu aja a zikwama kumsana atandipempha kuti ndiwaperekeze kuphiri. Sekani ndithu. Ine ndinali ndi mlamu wa mtundu womwewo.

Dzina lake anali Fanuwelo Dzonzi. Anakwatira mlongo wanga Elube, ndipo ankakhala pa boma pa Ntcheu, kuseri kwa msika. Munthu wa mu ofesi, wosamwa mowa, wosamenya mkazi, wosayenda ndi akazi ena. Anthu ankati Elube anachita mwayi. Ine ndinkangoti chete, chifukwa mkazi mnzake wa Elube ndinkamudziwa. Anali mapiri.

Pamwamba pa mapiri ambiri pali zipilala za simenti zimene anamanga anthu oyeza dziko nthawi ya atsamunda. Ena amati mabikoni. Zimalekeza m'chiuno, zina zili ndi kachitsulo pamutu. Alamu anga analowa gulu la anthu a m'tauni amene amasaka zipilala zimenezi. Foni imawalozera njira. Akafika, amafufuza m'miyala mpaka apeze kabokosi kamene anzawo anabisa, muli timabatani, timakiyi, tizidole. Lamulo lake ndi limodzi: ukatengamo kanthu, usiyemo kanthu. Basi. Akuluakulu ndi ndevu zawo, kusewera chibisalirano pamwamba pa phiri.

Tsiku limene Elube anachira mwana wawo Ndaziona, alamu anali pamwamba pa Dedza. Tsiku limene tinaika mayi athu, anafika manda titakwirira kale, matope ali tho m'nsapato, n'kupepesa ndi timawu tawo tofewa tija. Tinthu tosiya m'mabokosito ankatitenga m'nyumba. Ndolo ya Elube. Kansapato koyamba ka mwana.

"Ndi kanthu kakang'ono, mayi a Ndaziona," ankatero.

Zonse zinali zazing'ono kwa iwo. Mwana uja anafika polowa sukulu akuwadziwa abambo ake ndi msana, chikwama chili lende, akutuluka pageti.

Mwezi wa Juni wina ananyamuka okha kupita ku Nsanjama, phiri la kumtunda uko kumalire. Palibe wa m'gulu mwawo amene anali atafikako, ndiye ankafuna kuti kabokosi koyamba kakabisidwe ndi iwo. Anatenga kontena yobiriwira imene Elube ankawaikiramo chakudya cha ku ntchito. Sanabwerere.

Tinawasaka. Apolisi, anthu a m'midzi ya m'munsi mwa phiri, anzawo a m'gulu. Mnzawo wapamtima, a Chisuse, mphunzitsi wa ku Balaka, anafika mpaka pachipilala penipeni n'kugudubuza mwala uliwonse. Panalibe munthu, panalibe chikwama, panalibe kabokosi.

Akwawo kwa Fanuwelo anabwera, nakhala pakhonde, namwa tiyi wa Elube. Malume wawo ndiye anayankhula.

"Maliro opanda mtembo ife sitilira. Mwana wathu ali moyo kwinakwake. Kaya chinamuthawitsa pakhomo pano n'chiyani, akudziwa ndi eni khomo."

Choncho mlongo wanga anatsala pakati. Mwamuna alibe, komanso kumusudzula anakana. Kutchalitchi amayi ankasowa pomukhazika. Kumsika ankamuloza ndi milomo.

Dzinja litadutsa, Juni wina atayandikira, Elube anandiimbira foni.

"Achimwene, bwerani mudzagone kuno masiku angapo. M'nyumba muno mukusowa zinthu."

"Akuba?"

"Akuba sasiya zinthu."

Nditafika anandionetsa mbale imene anaikamo zomwe ankatola. Poyamba inasowa sipuni ya shuga. M'chitini anapezamo kachibenthu ka simenti yakale, yakuda ndi ndere. Kenako chipeso, pamalo pake panali msomali wadzimbiri. Batani la diresi lake la mvano linadulidwa bwinobwino, ndipo m'thumba la diresilo munali kamwala kosalala, kozizira ngati kangochoka mumtsinje. Zitseko zinali zokhoma, mawindo a zitsulo.

Ndinamuseka pang'ono. Ndinati mwina ndi mwana. Ndinagona pabalaza, mpeni wanga wopinda uli m'thumba la buluku limene ndinagona nalo. M'mawa ndinapisa dzanja m'thumbamo n'kutulutsa chikutu cha nkhono ya kuphiri. Pabalaza ponse pankanunkha udzu wonyowa.

Masana a tsiku lomwelo, dzuwa lili pamutu, tikudya, tinamva kulira kwa chitsulo pasimenti ya pakhonde. Go. Go. Go. Alamu anali ndi ndodo yawo yokwerera mapiri, ya chitsulo kunsonga, ndipo ankaigunditsa choncho akamayembekeza kuti Elube amalize kuwalongedzera kamba. Ndinatuluka ndi dzanja losasamba. Pakhonde panali nkhuku ya aneba yokha, itaima ndi mwendo umodzi, ikuyang'ana pageti. Geti linali likugwedera.

Nditabwerera m'nyumba, Elube anali atasiya kudya. Ndaziona yekha ndiye ankadya, akumwetulira m'mbale.

Patapita masiku ochepa, Elube akumukonzekeretsa mwana za ku sukulu, ndinamumva akundiitana ndi mawu amene sindinawazindikire. Ndaziona anali ataluka tsitsi la mizere. Mzere umodzi wa kuseri kwa khutu unali utadulidwa mpaka pakhungu, ndipo m'malo mwake munalukidwa udzu. Udzu wowonda wa pamwamba pa phiri, wolukidwa mwaluso, mame adakali pomwepo.

"Musauchotse, amayi," anatero mwanayo. "Andipatsa ababa."

"Ababa ako ali kuti?"

"Amabwera ndikagona. Akuti kabokosi kaja kakukula. Akuti posachedwa ndikwanamo."

Ndinayembekeza kuti Elube alira. Sanalire. Anaumasula udzuwo pang'onopang'ono, mwana akukuwa, n'kuuponya pambaula. Kenako anatenga foni n'kuimbira a Chisuse.

"Alamu," ndinawamva a Chisuse akutero mufonimo, "ine ndinafufuza paliponse. Kulibe kanthu kumeneko."

"Sindinakufunseni ngati kuli kanthu. Inu ndi amene munamuphunzitsa masewerawa. Loweruka mutiperekeze."

Loweruka tinanyamuka kusanache bwino. Ndaziona anali m'tulo. Elube anamukhudza pachipumi, n'kumusiya m'manja mwa mayi Nachisale, mnzake woyandikana naye nyumba. A Chisuse anatitenga pa galimoto yawo mpaka pamudzi womaliza, pamene msewu umathera m'minda ya mbatata ya kachewere. Njira yonse ankayankhula okha: kuti Fanuwelo anali munthu wabwino, kuti pagulu lonse panalibe wolimba miyendo ngati iye. Elube ankayang'ana pawindo.

Kumapeto kwa minda tinapeza mayi wina akukumba mbatata. Tinapatsana moni. Iye anaweramuka, natiyang'ana, kenako n'kuyang'ana kumbuyo kwathu.

"Koma inu amayi, mwanayo mukukwera naye wosavala juzi? Kumtundako kukuzizira."

Tinacheuka tonse atatu. Panali kanjira kokha ndi mizere ya mbatata. Titatembenukanso, mayi uja anali atasenza khasu lake, akupita kumudzi mothamanga, mbatata zake atazisiya pamzere.

Elube anaimbira mayi Nachisale. Foni sinagwire. Ine ndinati tibwerere.

"Tibwerere kukatani, achimwene? Kumene akupita ndi kumtunda."

Tinalowa m'nkhungu tisanafike ndi pakati pomwe. Nkhungu ya kumeneko si ya kuno. Imakulowa m'kamwa, ndipo mnzako ali patsogolo pako umangomumva kupuma. A Chisuse ankatsogola ndi foni m'manja. Pamalo pena pamatope anaima mwadzidzidzi, ine n'kuwagunda kumsana. Pansi panali timabowo ta ndodo, tolondolana kukwera mtunda. Pambali pa timabowoto panali mapazi aang'ono, opanda nsapato. Madzi anali akungoyamba kumene kulowa m'mapaziwo.

Tinapitirira.

Pafupi ndi thanthwe lina tinamva anthu akubwera kumbuyo kwathu, ambiri, akupuma molemera. Tinapatuka. Anatidutsa mondondozana, amuna osavala malaya m'chisanu chimene chija, matumba ali pamutu, mapewa ndi nkhope zitayera mbuu ndi fumbi. Ndinawapatsa moni. Palibe anayankha. Mapazi awo sankamveka pamiyala. Chinkamveka ndi kupuma kokha. Womaliza anali wachikulire, wopindika msana. Atafika pa Elube anachepetsa liwiro, osamuyang'ana.

"Mukawauze abale anu a zikwama aja azikhalako pansi," anatero. "Akutitopetsa."

Nkhungu inawatseka. Fungo la simenti yatsopano linatsala m'mphuno mwathu.

"Mwina akumanga china kumtundako," ndinatero, kudzilimbitsa mtima.

A Chisuse anandiyang'ana, milomo itauma. "Chipilala chija chinamangidwa bambo anga asanabadwe."

Tinafika pamwamba dzuwa losaoneka, koma mimba inkandiuza kuti ndi masana. Chipilala chinatulukira m'nkhungu pafupi kwambiri moti ndikanachigunda. Chinali chakuda, chong'aluka mbali imodzi. Kumunsi kwake kunali mulu wa miyala wosanjidwa bwino.

"Iyi panalibe," ananong'ona a Chisuse. "Ndikulumbira, alamu, panalibe."

Elube anagwada n'kuyamba kuchotsa miyala ija. Pansi pake panali kontena yake yobiriwira. Anaitsegula. Pamwamba panali sipuni, chipeso, batani, ndi mzere wa tsitsi la mwana womangidwa ndi kaudzu. Mpeni wanga ndinauona pakona, ndipo ndinapisa dzanja kuti ndiutenge. Anzanga, kontena imeneyo ndimaidziwa. Munkalowa mpunga wa munthu mmodzi ndi kandiwo. Dzanja langa linalowa mpaka m'chigongono osakhudza pansi. M'kati munkawomba mphepo. Ndinalitulutsa ngati ndagwira njoka, ndipo mpeniwo ndinausiya.

Go. Go. Go.

Kunali kutsidya kwa chipilala. Nkhungu inapyapyala pang'ono, ndipo tinaona munthu ataima m'mphepete mwa phompho, atatifulatira, chikwama kumsana. Sindingakuuzeni kuti ndinaona nkhope. Sindingakuuzeninso kuti zonse za munthu zinalipo, chifukwa m'malo ena nkhungu inkadutsa pamene sinkayenera kudutsa. Koma kaimidwe kaja, phewa limodzi lotsika, ndinkakadziwa. Pamapazi pake, pamwala, panakhala kanthu kakang'ono kovala diresi logonera, kakugwedeza miyendo. Nakonso kanatifulatira.

Elube anaimirira.

"Bambo a Ndaziona."

Ndodo inagunda pamwala. Sanacheuke.

"Bambo a Ndaziona, ndine. Ndakwera phiri lanu lija. Chaka chathunthu abale anu akundiyesa mfiti. Ndikugona m'nyumba ya mwamuna amene sindikudziwa ngati ndimulire kapena ndimuphikire. Munatenga ndolo, ndinakhala chete. Munatenga masiku anga onse, ndinakhala chete. Lero mwafika pa mwana?"

Mphepo inkangowomba.

"Fanuwelo!"

Chikwatiwire, aka kanali koyamba kumumva mlongo wanga akutchula mwamuna wake dzina. Ndipo apo m'pamene chinthu chija chinayankhula. Mawu anali omwe aja, ofewa, osangalala ngati a mwana amene wapambana mpikisano.

"A Chisuse, mwachedwa. Ndayamba ndine."

Basi. Kwa mkazi wake, ngakhale liwu limodzi.

A Chisuse anagwa pansi n'kuyamba kulira ngati mwana. Elube yekha ndiye anayenda. Anazungulira chipilala, nafika m'mphepete muja, osamuyang'ana n'komwe wamtaliyo. Anawerama n'kugwira kanthu kakang'ono kaja pamkono.

"Nyamuka. Tiye kunyumba."

Kanayamba kulira, kulira kowonda kochokera kutali, kakudzikoka. Elube anakakoka ndithu mpaka anafika nako pamene tinali.

"Alamu!" anakuwa a Chisuse, akadali chogwada. "Siyanipo kanthu! Musatenge chabe, chonde, siyanipo kanthu!"

"Ndisiye chiyani chimene sanatenge kale?"

Anaiponda kontena ija ndi phazi n'kuikankhira kuphompho. Tinamvetsera. Sitinaimve ikugwa.

Kutsika kwake sindidzakuiwala. Elube anali patsogolo, dzanja lamanja litatambasukira kumbuyo, zala zitafumbata. Nkhungu ikakhuthala ndinkaona timiyendo tikukwekwereka pambuyo pake. Ikapyapyala sindinkaona kanthu, koma mkono wake unkakokedwabe, ndipo udzu unkagona m'mbali mwake. Anagwa kangapo. Anadzicheka mawondo. Dzanja lija sanalitsegule, ngakhale kuti adzitchinjirize pogwa.

Kumbuyo kwathu ndodo inkabwera. Go. Go. Go. Ndinkayenda womaliza, msana wonse ukunyerenyetsa, ndikuyembekeza dzanja pakhosi. Ndinkaganiza kuti atilondola mpaka kunyumba kudzalanda mwana wake. Koma tisanafike ndi pamtsinje wa m'munsi mwa phiri pomwe, kulira kwa ndodo kunaima. Kenako kunayambanso, mofulumira, kulowera kumanja, kumene kuli mtandadza wa mapiri opita ku Mozambiki. Kunachepa, kunachepa, mpaka zii.

Elube naye anamva. Anaima pang'ono osacheuka.

"Aona phiri lina," anatero.

M'galimoto anakhala kumbuyo yekha, dzanja lili chifumbatire pampando. Mawindo a mbali imeneyo anachita nthunzi m'kati. Titafika pamene foni imagwira, mauthenga a mayi Nachisale analowa motsatizana. Mwana sanadzuke chichokereni ife. Anazizira thupi lonse. Anathamangira naye kuchipatala.

Tinafika nkhuku zikulowa. Ndaziona anali pabedi, atamufunditsa mabulangete awiri, milomo itayera. Anamwino anati akupuma, koma mwapatalipatali, ndipo madokotala sanapeze chimene chikumupweteka. Elube anapita molunjika pabedipo n'kuika chibakera chake pachifuwa cha mwana.

"Achimwene, nditseguleni. Zala zakana."

Ndinazitsegula chimodzichimodzi. Zinali zolimba ngati mizu, zozizira moti zinkandiwotcha. Chala chomaliza chitatseguka, mwana anatsokomola. Anatsegula maso. Mayi Nachisale anayamba kuyimba nyimbo ya kutchalitchi, misozi ili mbwembwembwe. Pamkono pa mwanayo ndinaona zipsera zakuda za zala, ndipo m'mapazi mwake munali matope.

Elube anawerama kuti amukumbatire. Mwana anadzikokera kukhoma.

"Mwanditengeranji?"

"Ndaziona, mwanawe, ndine mayi ako."

"Ababa ananditenga lero. Anandigwira dzanja njira yonse. Anati andionetsa mapiri onse." Anayang'ana amayi ake ndi maso ouma. "Inu ndi amene mwandilanda."

Nyimbo ya mayi Nachisale inathera pakamwa.

Kuchokera tsiku limenelo m'nyumba muja simunasowenso kanthu. Ndodo sinamvekenso pakhonde. A Chisuse anasiya za mapiri. Ndikamakumana nawo ku Balaka amawoloka msewu. Akwawo kwa Fanuwelo atamva nkhaniyi anati apo ndiye umboni wakuti mkazi uja ndi wamankhwala, ndipo mpaka lero sanamusudzule.

Dzanja lamanja la Elube silinatenthenso. Linafota, zala n'kupindikira m'kati. Anali wosoka zovala, makina anagulitsa. Pano amagulitsa tomato ndi dzanja limodzi.

Ndaziona anakula. Ali ku sekondale, ndi wanzeru, waulemu. Amawapatsa moni amayi ake atagwada, ngati mmene mwana amachitira ndi mlendo. Amawachapira, amawaphikira. Koma chichokereni m'chipatala muja sanalolepo kuti amayi ake amukhudze, kaya ndi dzanja lofalo kaya ndi lamoyolo. Tsitsi amakalukitsa kwa mayi Nachisale.

Chaka chatha ndinamupeza Elube pabenchi lake kumsika, akusanja tomato ndi dzanja lamanzere, wina akugubuduka, iye osatha kumugwira. Ndinamutolera. Ndinamufunsa ngati nthawi zina samadandaula kuti anakwera phiri lija.

"Ayi, achimwene," anatero. "Atanditumanso lero ndikhoza kukwera, ndi dzanja latsalali ndikasiye komweko. Mwana wanga akudya, akupita ku sukulu. Andide ali moyo."

Anapukuta tomato pachitenje.

"Chimandipweteka n'chimodzi. Akanangocheuka, achimwene. Kamodzi kokha. Ndimutukwane m'maso."